Nkhope ya Abiti Bakali

Ku Al Mansoura, mu mzinda wa Doha, kuseri kwa kanyumba kogulitsa chapati ndi tiyi wa karaki, kuli fulati yakalekale imene eni ake anaiduladula ndi mapulanga kuti mulowe azimayi ambiri. Mmenemo ndi momwe mumakhala Maliyamu, amene Amalawi onse a kuno amangowati Abiti Bakali.

Kwawo ndi ku Ntaja. Asanabwere ankagulitsa zitumbuwa pa depoti, mpaka bambo a ana awo anapita ku Joni n'kuiwala njira yobwerera. Sukulu anangoilawa. Panopa amakolopa ndi kupukuta magalasi m'maofesi a ku Msheireb, ndipo Chingerezi chawo chimathera pa kuyankha supavaiza. Munthu wake ndi wovuta, tisabise. Akakupeza wasiya mbale yakuda mu sinki amakuuza pamaso, ngakhale alendo ako ali pomwepo. Koma swala, pemphero la Chisilamu lija, siiwadutsa. Ku ntchito amayala katoni m'kachipinda kosungiramo mamopu n'kuswali momwemo, fungo la mankhwala okolopera lili phuu. Ndiye pali za mpango. Chikwatiwire, palibe mwamuna wakunja anaonapo tsitsi lawo. Ngakhale kutentha kwa mu Julaye kuja munthu umamva ngati akukuphika, iwo mpango amaumanga ndi pini pansi pa chibwano.

Mwamuna yekha amene ankawaona mutu uli pamtunda anali Nasibu, mwana wa achemwali awo a Fauziya. Mwana wa mkulu wako ndi mwana wako, chipembedzo chimalola. Anamubereka kumsana ali khanda, ndipo atakula n'kumera ndevu ndi iwo omwe anathamangathamanga kuti apeze ntchito ya ulonda ku The Pearl, pamalo oimika magalimoto. Lachisanu lililonse akatuluka ku mzikiti ku mapemphero a Juma ankabwera kudzadya. Azimayi a m'fulatimo anamulola kuti azithera kukhitchini, ndipo Abiti ankavula mpango n'kuukoleka pa chitseko, chifukwa kukhitchiniko fani inafa kalekale.

Lachisanu lina atamaliza mpunga wa nyemba, Nasibu anapukuta manja pa thalauza n'kutulutsa foni.

"Mayi aang'ono, mpaka liti muzikafola pa mzere potumiza ndalama kumudzi ngati mukulandira makuponi? Ndikutsegulireni akaunti, muzitumiza muli chogona."

"Za mafoni zanuzo ine ayi."

"Zonse ndipanga ndine. Inu mungogwira aidi yanu, chiphaso chija, apa, pafupi ndi tsaya."

Abiti anatambasula dzanja kuti atenge mpango pa chitseko paja.

"Usiyeni," anatero Nasibu. "Makinawo amafuna aone makutu. Palibe munthu amayang'ana, ndi kompyuta chabe."

Abiti anaima choncho, tsitsi lawo la imvi m'mbalimu lili pambalambanda, aidi pa tsaya ngati mkaidi. Foni inalira kamodzi, chithunzi chinajambulidwa. Akaunti yotumizira ndalamayo sanaione mpaka lero. Akafunsa, ankawauza kuti ikadali m'njira.

Kuchokera pamenepo mwanayo anasintha. Maso anafiira, masaya analowa. Akamadya, dzanja limodzi linkakhala pansi pa tebulo, ndipo kumeneko kunkamveka kaphokoso ngati makobiri akugwa m'mbale yachitsulo. Abiti ankati mwina ndi mtsikana, ankangomupempherera kuti Mulungu amupatse wa makhalidwe.

Ndiye Lachisanu lina anafika akuseka yekha, m'manja muli jumbo ya nkhuku yootcha ndi kabotolo ka mafuta onunkhira.

"Lero musavutike kuphika. Khalani apa, yang'anani pafoni, mutembenuze khosi uku ndi uku. Khalasi, zatha."

Pakhonde pa khitchinipo panali Maness, mtsikana wa ku Mulanje wogwira ntchito mu hotelo, akusita yunifomu. Ameneyo sukulu anafika nayo patali. Anasuzumira pafoni paja n'kuona zipatso zikuzungulira, mandimu, mavwende ndi nyenyezi zagolide. Anaimika simbi.

"Abiti, iyi si yotumizira ndalama. Iyi ndi kasino."

"Kasino ndiye chiyani?"

"Juga. Juga ya pafoni."

Nasibu sanachite manyazi n'komwe, anangokhala bwino pa mpando. "Musaiyerekeze ndi juga ya makadi ya pansi pa mtengo ku Ntaja. Izi zimafuna mutu. Suthamangira saiti iliyonse ya pa intaneti. Umayamba waona kuti bonasi yake ndi yaikulu bwanji, kenako uone kuti akufuna uizungulitse kangati usanatape. Ena amakupatsa yambiri koma ungafe usanaitulutse. Ineyo ndinasankha bwino."

"Bonasi ndiye chiyani?" Abiti anafunsa Maness, osati iye.

"Ndi nyambo, Abiti. Ukangolowa kumene amakupatsa ndalama zoseweretsa, koma sungazigwire mpaka utasewera n'kusewera, zako zomwe zikutha. Ndiye amapatsa munthu watsopano yekha. Mwana wanuyu dzina lake analitha kale m'masaiti onse. Munthu watsopanoyo ndinu."

"Inu a Maness sitani zovala zanu, zingapse," anatero Nasibu. "Mayi aang'ono, mvereni ine. Ndazungulitsa, ndamaliza, ndawina. Zambiri ndithu, zoposa zimene mumakolopera chaka chonse. Koma satulutsa mpaka mwini akaunti aonekere pa vidiyo, ndipo andipatsa sabata imodzi basi. Ikadutsa atseka."

Abiti anamuyang'anitsitsa. Za ndalamazo sanazimve n'komwe.

"Chithunzi chija chili kuti?"

"Chili kwa iwowo."

"Iwowo ndani?"

"Eni saiti."

"Amuna?"

Nasibu anakweza mapewa. Maness ndiye anayankha kuti kumakhala anthu pa kompyuta amene ntchito yawo ndi kuyerekeza nkhope ndi aidi, amuna kaya akazi iye sakudziwa. Anawonjezanso kuti juga ndi yoletsedwa dziko lino, ikadziwika wokwera ndege kubwezedwa kwawo ndi mwini aidi.

"Astaghfirullah," anatero Abiti pansipansi. Kenako mawu anakwera. "Iwe Nasibu. Ine ndinkakupukuta mamina ndi chitenje changa. Lero watenga mutu wanga wosafunda wakaugoneka pa tebulo la otchova juga? Bambo a ana anga anandithawa koma sanandivulepo pagulu. Iwe wandivula."

"Ndi chithunzi chabe."

"Tenga nkhuku yako. Tenganso mafuta akowo, ukadzole wekha, mwina fungo la bodza lingachepe."

"Mukukana ndalama chifukwa cha tsitsi? Tsitsi la imvi lomwelo, ndani angalisirire?"

Abiti anamuponyera jumbo ija pachifuwa. Nasibu anatsika masitepe akutukwana, nkhuku anaitenga.

Mmawa wake mauthenga a mawu anayamba kugwa kuchokera ku Ntaja. Abiti kuwerenga sadziwa, ndiye a Fauziya ankadziwa pogwira. Ankawamvera pa nthawi yopuma m'kachipinda ka mamopu kaja, foni ataigunditsa pa khutu.

"Maliyamu, ndamva. Mwana wapeza mwayi, iwe ukuutsekera. Denga langa likudontha, ndimagona ndi ndowa pa mphasa. Khosi lakolo ndi lagolide kuti sungalitembenuze?"

Abiti anayankha. "Achemwali, malata a juga mugona nawo pansi pake inu? Mudzaswali bwanji m'nyumba imeneyo? Dikirani mwezi uthe, nditumiza zanga za thukuta."

"Zako za thukuta zogula malata atatu? Usandiphunzitse chipembedzo ine, madrasa tinapitira limodzi ndipo iwe unkangogona. Nsanje basi. Ana ako palibe wapita kunja, ndiye ukufuna wanganso abwerere ali chimanjamanja. Mtima wa ufiti umenewo."

Mawu oti ufitiwo anawalasa. Tsiku limenelo anapukuta galasi limodzi mpaka supavaiza anawakuwira kuti yala, yala, kutanthauza kuti fulumirani. Pa swala ya masana anagwetsa mphumi pa katoni paja n'kuchedwa kudzuka. Denga la achemwali awo ankalidziwa, anakulira pansi pake. Satana anawanong'oneza kuti chithunzi chinapita kale, chawonongeka chawonongeka, kutembenuza khosi kamodzi kungawonjezere chiyani? Koma iwo anaona kuti poyamba paja anawanamiza, ndipo Mulungu anaona kuti awanamiza. Ulendo uno akatembenuza khosi ndiye kuti alowa juga ndi miyendo yawo.

Anapempha Maness kuti awalembere anthu a saitiwo, afufute chithunzicho. Maness analemba. Yankho litabwera anaseka kuseka kowawa.

"Akuti kuti afufute, muonekere kaye pa vidiyo atsimikize kuti ndinudi."

"Ndiwapatsenso nkhope kuti andibwezere nkhope?"

"Ndi zomwe akunena."

"Agalu," anatero Abiti.

Maness anawachenjeza kuti vidiyoyo siifuna zambiri, munthu akhoza kukuyatsira foni pamaso iwe n'kucheuka wekha osadziwa. Kuyambira tsiku limenelo Abiti akatuluka panja ankavala masiki ya kuntchito ija, mpango n'kuutsitsira pa nsidze. Pankangooneka maso okha.

Lachinayi madzulo akuweruka, dzuwa lisanalowe, anamupeza Nasibu atawadikirira pa siteshoni ya metro ya Msheireb, pamene anthu amasinthira sitima. Anali atathawa ntchito, yunifomu ya ulonda ili m'thupi. Anayamba kuyenda chammbuyo patsogolo pawo, foni ataikweza.

"Mayi aang'ono, mawa atseka. Tsitsani masikiyo pang'ono chabe. Mpango musavule, ndiyesa choncho."

"Choka panjira."

"Theka ndikupatsani. Mupite nalo ku Umra, mukatsuke machimo onse."

"Ndipite ku nyumba ya Mulungu pa tikiti ya juga? Mayi ako anakubereka usana koma mutu wako ndi mdima wokhawokha."

"Mukudziwa mmene ndavutikira? Anzanga akugona ine ndikuzungulitsa zipatso zija. Chakudya ndimadumpha. Zanga zonse zili mmenemu."

"Unazilowetsa wekha."

Apa nkhope yake inasintha. Anatambasula dzanja kuti akoke masiki ija. Abiti anamumenya pa mkono ndi chikwama chawo cha nkhomaliro, mbale yachitsulo ili momwemo, foni inagwa n'kuserereka pa matailosi. Anthu anacheuka. Mlonda wa pa siteshoni, bambo wamtali wa ku Kenya, anayamba kubwera akufunsa ngati pali vuto. Mawu amodzi okha a Abiti akanakwana kuti Nasibu akagone ku polisi. Iwo anamuyang'ana mwana wa achemwali awo akukwawa pakati pa miyendo ya anthu kutola foni, kenako anapukusa mutu kwa mlonda uja n'kulowa sitima.

Lachisanu linadutsa, saiti inatseka akaunti, ndalama zinapita kwa eni juga omwe aja. Nasibu anatumiza uthenga umodzi woti alibe mayi ku Doha, ali ndi mdani. A Fauziya anasiya kuyankha. Mwezi utatha Abiti anatumizabe ndalama za malata, atafola pa mzere womwe uja. Zinalandiridwa, zikomo sanabwere. Chithunzi chija chikadali komweko, pa kompyuta ya anthu osawadziwa, ndipo Abiti akachikumbukira pa swala amangoti Mulungu awatseke maso onse ochiyang'ana.

Panapita milungu. Lachisanu lina anthu atatuluka ku Juma, munthu anagogoda pa chitseko. Maness anasuzumira n'kubwerera.

"Abiti, ndi mwana wanu uja. Wawonda ngati mopu."

Abiti anali kukhitchini, thukuta lili kamukamu, mpango uli pa chitseko monga kale. Anazimitsa moto. Anatenga mpango uja n'kuukulunga bwinobwino, tsitsi lonse mkati, makutu mkati, pini pansi pa chibwano. Kenako anati alowe.

Nasibu analowa mutu uli pansi, anapereka salamu, anakhala pa mpando wake uja. Abiti anamuikira mpunga ndi nyemba, madzi ozizira pambali. Nasibu atadzutsa maso ndiye anauona mpango.

"Mayi aang'ono, kukutentha muno. Ndine ndekha."

"Ndakuonani."

"Foni ndaisiya m'thumba. Onani, manja ali pa tebulo."

"Idyani, bambo, chingazizire."

Anadya pang'onopang'ono, supuni ikugunda mbale. Abiti anaima pakhomo pa khitchini, pamene amaima akabwera munthu wokonza mipope, thukuta likutsika m'khosi mpaka kunyowetsa mpango. Sanaumasule.