Malipenga M'munda wa Mpunga

Ine nyimbo za malipenga sindinazikondepo chibadwire, ndipo amene anandisankha kukhala wapampando wa komiti ya makolo a bandi ankadziwa bwino zimenezo. Anandisankhira pakamwa. Kwathu kuno kwa Makhuwira ukakhala wolongolola sakuthawa ayi, amakupatsa udindo kuti ukalongololere kwina.

Malipengawo anafika pa sekondale yathu yoyendera ngati katundu wobwereka. Mpingo wina wa ku boma unali utawaunjika m'chipinda, atachita dzimbiri, ena mavu atamangamo zisa. Anatipatsa ndi mawu akuti pa tsiku la maphunziro la m'dera lathu, kumapeto kwa teremu, ana akaonekere pabwalo atavala yunifolomu ya bandi, akuimba zomveka. Zikakanika, malipenga abwerere, akapatsidwe sukulu ina ya kutsidya kwa Shire.

Makolo ena ankangoti akabwerera abwerera. Ine ayi. Mwana wanga wamkazi, chisamba changa, anali atasiya sukulu bambo ake atamwalira. Ankadzuka dzuwa lili pamutu, osasamba, osayankhula ndi munthu. Azakhali ake, amene amagulitsa zitenje ku Marka, anali atanena kale kuti amutenga azikawathandiza pamsika, ndipo tonse tikudziwa zimene mtsikana amabwera atabereka kumbuyo akapita kumalire kuja. Ndinakalipa, ndinalira, ndinaitana amayi a kutchalitchi, osatheka. Kenako tsiku lina anapita kukabweza mabuku a sukulu, n'kukapeza anzake akukwecha malipenga ndi phulusa ndi mandimu. Anabwera madzulo milomo itatupa ngati walumidwa ndi njuchi, n'kundifunsa kuti siketi yake ya sukulu ndinaiika pati. Ndiye mukamva kuti mayi uja anathamanga ndi bandi ngati wamisala, dziwani kuti sindinkathamangira nyimbo.

Nyimbo zake zinalipo ngati? Amene ankawaphunzitsa anali aphunzitsi a masamu, bambo woonda, waulemu, amene ankati anaimbako lipenga ali mnyamata. Iwo akakweza kamtengo kawo m'mwamba, mwana aliyense ankayamba nthawi yake n'kukathera kwake. Mbuzi za pafupi ndi sukulu zinkadula zingwe. Mayi wina anabwera akuthamanga chitenje chili m'manja, akuti wamva ng'ombe ikubereka movutikira. Pomaliza ahedi anawathamangitsa pasukulu, ati a Folomu 4 akukonzekera mayeso ndipo boma silingamve zoti ana analephera chifukwa cha lipenga.

Ife a komiti tinayamba ndi mandasi. Tinakazinga, ana a bandi n'kumagulitsa. Koma kuuzira lipenga kumachititsa njala, abale. Beseni linkabwerera lopanda kanthu, m'manja mwa ogulitsa muli mafuta okhaokha. Tinayesa ndawala yopempha thandizo mumsewu wa ku Thabwa. Amene anaganiza zimenezo ndi aphunzitsi ena ochokera kumtunda, kumene anthu amayenda masana atavala juzi. Kuno dzuwa silicheza ndi munthu. Tisanafike n'komwe pamsika, msungichuma wathu anali atagona pansi pa mtengo tikumukupiza ndi chikwangwani chopemphera chija, ndipo kangachepe kamene tinatola kanathera madzi ozizira a m'majumbo.

Nzeru inabwera yokha ku chigayo. Ndinapezako nkhalamba ina, bambo amene anawoloka kuchoka ku Mozambique kalekale n'kukhazikika kuno, mwini munda waukulu wa mpunga ku dambo la kuseri kwa sukulu. Ankadandaula kuti mpunga wayamba kucha, mpheta zatsika ngati mtambo, koma adzukulu onse mwawatsekera m'kalasi, aingitse mbalame ndani? Kenako anandiyang'ana.

"Inu ndinu mayi a malipenga aja?"

Ndinakonzeka kuyankha mwano, chifukwa aliyense wondifunsa choncho ankafuna kunditukwana.

"Dzana ana anuwo anadzaimbira pansi pa mtondo, m'mbali mwa munda wanga," anatero. "Mayi, chibadwire sindinaone. Tsiku lonse mbalame nkhabe! Ngakhale khwangwala sanadutse."

Ndinaika thumba la chimanga pansi. Tinapangana pomwepo, ufa uli m'nsidze. Bandi izikaphunzirira kumunda kwawo m'mawa sukulu isanayambe, masana akaweruka, ndi Loweruka lonse. Iwo ndi anzawo oyandikana nawo minda adzatipatsa mpunga akakolola. Nkhalambayo inaumirira chinthu chimodzi: mpaka tsiku lomweta, munda usakhale chete ngakhale tsiku limodzi, pakuti mpheta zikapeza mpata wa m'mawa umodzi zimatha ntchito ya chaka. Ine ndi pakamwa pangapa ndinadziguguda pachifuwa. Ndinati likadzapezeka tsiku lotero, mudzandimange ineyo pansanja ndikhale choopsezera mbalame. Atelala a pa Thabwa anavomera kusoka mayunifolomu n'kudzalandira mpunga pambuyo, poti nawo ali ndi ana ambiri ndipo ana sadya ulusi.

Chovuta chinali kuwauza aphunzitsi a masamu aja. Ndinawauza kuti tapeza malo abwino ophunzirira, kamphepo kayaziyazi, ndiponso omvera ambirimbiri. Anasangalala. Anazindikira okha m'mawa woyamba, pamene anakweza kamtengo kawo, ana n'kuuzira, munda wonse n'kunyamuka kupita kumwamba, nkhalamba ija ikuvina pamzere ikufuula kuti, "Pyadidi! Pyadidi! Zabwino zedi! Bwerezani pomwepo!" Aphunzitsi anatsitsa kamtengo n'kundiyang'ana. Ine ndinali kuyang'ana phiri la Thyolo ngati ndaliona koyamba.

Masiku amenewo anali okoma. Amayi a komiti tinkasinthana kuphika phala la m'mawa n'kulisenza kupita nalo kudambo. Tinkanyamula ng'oma yaikulu pamutu podutsa m'matope kuti chikopa chisanyowe. Ana ankaima m'mizere ya munda, nsapato zili m'khosi, matope mpaka m'mawondo. Panali chilipenga china chachikulu, chopindikapindika ngati matumbo a ng'ombe, chophwanyika kukamwa, chimene chinkatulutsa mawu amodzi okha, ndipo mawu akewo sindingawatchule pagulu. Chimenecho ndicho nkhalamba inkachikonda kuposa onse. Mwana wanga ankadzuka yekha kusanache, n'kumandidzutsa ine kuti tichedwa.

Tsoka linabwera mwakachetechete: ana anayamba kudziwa kuimba. Kuimba m'mawa ndi masana tsiku ndi tsiku, ngakhale chitsiru chimaphunzira. Anayamba kuyambira pamodzi. Ng'oma inapeza phazi lake. Amayi opita kukatunga madzi anayamba kuima n'kumagwedeza mitu ndowa zili pamutu. Mpheta nazo zinaona kuti palibenso choopsa apa. Zinayamba kubwerera, poyamba kumalire, kenako pakati penipeni, zikudya mpunga uku zikumvera nyimbo ngati alendo a paukwati.

Nkhalamba inandipeza ndikugawa phala.

"Mayi, mwandisinthira katundu. Ine ndinagula phokoso, inu mukundipatsa nyimbo."

Ndinapita kwa aphunzitsi. Ndinayamba ndi kuwayamikira, n'kufunsa za kunyumba, kenako ndinapempha kuti mwina ana aziimba bwino pang'ono pokha, nthawi yotsalayo azibwerera ku kaimbidwe kakale. Bambo aja anavula magalasi. Anati pa moyo wawo wonse wauphunzitsi makolo akhala akuwadandaulira kuti ana sakudziwa kanthu, koma kholo lodandaula kuti ana adziwa mopitirira ndi ine woyamba. Komabe anali munthu womva. Anawauza ana kuti akatha nyimbo iliyonse aziuzira chiuzireuzire, aliyense zake.

Onse anavomera mosangalala kupatula wanga. Anaika lipenga kukhwapa n'kuima phee. Madzulo kunyumba ndinamukalipira mpaka nkhuku zinatsika pamtengo. Ndinati yunifolomu ukuifunayo ili m'mimba mwa mpheta, iwe ukudziyesa ndani? Anandisiya ndithe. Kenako anayankha motsitsa mawu, maso ali pa lipenga lake.

"Amayi, chinthu chimodzi chokha ndi chimene ndimachita bwino. Musandiuze kuti ndichiwononge dala."

M'mawa mwake ndinapita kwa aphunzitsi n'kuwauza kuti ana asiyeni aziimba bwino, chilipenga chophwanyika chija ndipatseni ine. Kuyambira tsiku limenelo ntchito inagawika. Ana ankaimba nyimbo pansi pa mtondo, ife amayi a komiti tinkazungulira munda ndi zitini, mabeseni obooka, ndi ine patsogolo nditakolekera chilipenga m'khosi. Luso loimba moipa ndinali nalo lachibadwa. Nkhalamba inati ndikuposa ana onse aja ataphatikizana.

Mayunifolomu anatuluka, ofiira ndi mizere yoyera, mabatani onyezimira. Ena manja anali aatali, ena mathalauza ankathera m'katumba, koma tinasinthanitsa mpaka aliyense anapeza yomukwana. Mwana wanga anaivala m'nyumba n'kumayenda uku ndi uku, osafuna kukhala pansi kuopa kuikwinya. Ine ndinali nditagula kale chitenje chatsopano chokavala pa tsikulo, ndipo ndinali nditauza mudzi wonse kuti ndikakhala kutsogolo, pafupi ndi alendo a ku boma.

Tsiku la maphunziro linafika mpunga usanamwetedwe. Unali utatsala pang'ono, ngala zitawerama, nthawi imene mpheta zimachita misala. Ndinaitanitsa komiti kuti tigawane, ena kumunda, ena kubwalo. Ha! Msungichuma anati mwendo wamutupa. Mlembi anati kwabwera apongozi. Wina anangoti, "Paja amene analumbira ku chigayo kuti adzamangidwe pansanja ndi ndani?" Ndinawatukwana onse mmodzimmodzi, ndi makolo awo omwe, koma m'mtima ndinkadziwa kuti aliyense ali ndi mwana wake amene akufuna kukamuona. Ndipo mpunga uja ukanadyedwa, atelala akanadzavula ana athu mayunifolomu pamsewu.

Mwana wanga atamva anati ndiye nayenso sapita. Ndinamuuza kuti akayerekeza ndimukweza ndekha basi ya ku Marka. Ndinamumanga batani la pakhosi, n'kumukankhira panja. Chitenje chatsopano ndinachivalabe. Ndinalowa nacho m'matope, chilipenga chili paphewa.

Kumunda tinali awiri, ine ndi nkhalamba ija. Iyo inakhala pansanja ikukoka chingwe cha zitini, ine ndikuzungulira ndikuuzira. Mbalame tsiku limenelo zinabwera ngati zauzidwa kuti komiti kulibe. Ndikazithamangitsa uku zikutera uko. Thukuta linkalowa m'maso, milomo inachita dzanzi, ndipo ndinkatukwana mpheta, komiti, mpingo wa ku boma, ndi malemu amuna anga amene anandisiyira zonsezi n'kukagona.

Dzuwa litakwera, mphepo inatembenuka kuchokera kusukulu. Ndinamva ng'oma, kenako malipenga onse pamodzi, bwinobwino, ngati a pa wailesi. Ndinapitiriza kuuzira changa. Kenako onse anatsika, n'kutsala lipenga limodzi lokha. Palibe anandiuza kuti aphunzitsi anamupatsa malo oimba yekha. Iyenso sanandiuze. Koma mwana wako umamudziwa ngakhale pa kutsokomola. Inali nyimbo imene ankaibwereza kuseri kwa nyumba mpaka ine kumuponyera chikho, koma tsopano inkayenda pamwamba pa dambo lonse osapunthwa paliponse.

Chilipenga chinatsika chokha pakamwa panga. Ndinaima m'matope ndikulira ngati mwana, mamina ndi misozi pa chitenje chatsopano. Mpheta zinaona mpata n'kutsika zonse, kutsogolo kwanga penipeni, ndikuziona. Ndinadzidzimuka, n'kunyamula chilipenga kuti ndiuzire. Apo ndi pamene ndinazindikira kuti zitini nazo zasiya kulira. Nkhalamba inali itagwira chingwe ndi manja awiri kuti mphepo isachigwedeze.

"Mayi," inatero motsitsa mawu, "zisiyeni zidye. Timve mwanayu."

Tinaima choncho mpaka lipenga linatha, ndipo kusukulu kunabuka nthungululu zimene zinadzutsa mbalame zonse m'munda popanda ife kuchitapo kanthu. Nkhalamba inapukuta m'maso ndi chipewa, n'kunena kuti takhuta, ndiko kuti zikomo m'chiyankhulo cha kwawo, sindikudziwa ngati inkauza ine kapena mphepo. Kenako inandikalipira kuti ndaimiranji, ntchito ilipo.

Malipenga sanabwerere ku boma. Mpunga tinamweta, atelala analandira wawo, ndipo ngodya imene mpheta zinadya tsiku lija nkhalamba sinaitchulepo. Azakhali a ku Marka anabwera kumapeto kwa mwezi ndi chikwama choti anyamuliremo zovala za mtsikana. Anamupeza kulibe, ali kusukulu. Ndinawapatsa mpunga m'chikwamamo kuti asabwerere chimanjamanja.

Mpaka lero anthu amandisimbira mmene mwana wanga ankaonekera tsiku limenelo, mmene anaimira, mmene mlendo wa ku boma anaimirira pampando. Msungichuma, amene mwendo wake unachira m'mawa womwewo, ndiye amasimba bwino kuposa onse. Ine ndimangoti inu munaona, ine ndinamva. Chitenje chija matope ake sanachoke, ndipo ndi chimene ndimavala popita ku misonkhano ya komiti.