Tinakwirira Chitupa cha Amayi

Ndinabadwira m'komboni ya pa pulazi ya fodya, kufupi ndi ku Shamva, m'dziko la anthu olankhula Chishona, m'nyumba ya udzu kuseri kwa mabalani. Anandibadwitsa ndi mzamba wa pakomboni pomwepo, ndipo palibe amene analemba tsikulo paliponse. Amayi ankangoti ndinabadwa fodya ali m'shedi, chaka chomwe mvula inachedwa. Pa pulazi zimenezi zinali zokwanira. Kapitawo sankafunsa kalata ya kubadwa. Ankangoyang'ana ngati manja ako akufika patebulo losankhirapo fodya, akafika ndiye kuti wakula, mawa ubwere kuntchito.

Bambo anga anachokera ku Malawi ali mnyamata, amayinso anabwera ndi makolo awo ali aang'ono. Nditangoyamba kuzindikira, bambo ananyamuka kuti akaone kumudzi, mapepala awo onse ali m'thumba la jekete, ndipo sanabwerenso. Amayi sanavutike n'kutilembetsa ine ndi mchimwene wanga, chifukwa kwa iwo kuno kunali kuntchito chabe. "Mudzalembetsa kwathu," ankatero. Kwathuko mpaka lero sindinapondeko, ndimangokumvera m'nyimbo za pamaliro.

Choncho m'banja mwathu chinthu cha boma chinali chimodzi chokha: chitupa cha amayi, chachitsulo chija, chokhala ndi chithunzi ndi chilembo chosonyeza kuti mwini wake ndi mlendo. Ankachikulunga pakansalu n'kuchibisa pachifuwa, ngakhale popita kuchigayo. Anthu a msinkhu wawo anakula akuona munthu akukwezedwa m'galimoto ya apolisi chifukwa chosowa chitupa, ndiye mantha amenewo anakalamba nawo. Ine sindinachigwirepo ali moyo. Ukangoyandikira kansaluko, dzanja linkabwera.

Atadwala matenda awo omaliza, tsiku lina masana anandiitana tili awiri.

"Iwe, ndikapita usandiike chimanjamanja. Chitupa changa undiikire."

"Amayi, kodi kumwamba kulinso apolisi?"

"Seka, koma undiikire. Ulendo ndi ulendo, sudziwa amene ukumane naye panjira."

Sanali oyamba kunena zimenezi. Pakomboni pathu akuluakulu onse ankapita ndi zitupa zawo, abambo m'thumba la jekete, amayi pachifuwa. Tinali anthu a tchalitchi ndithu, ndipo abusa ankadziwa, koma ankaona ngati sakuona. Munthu wafera kutali ndi kwawo, tinkati mzimu wake uli ndi malire oti uwoloke. Choncho tsiku lomwe amayi a kutchalitchi anasambitsa thupi, ndine ndemwe ndinatenga kansalu kaja, osakamasula n'komwe, n'kukalowetsa pachifuwa pawo. Ndinadziona ngati mwana womvera kwambiri tsiku limenelo.

Tinawaika kumanda a pa pulazi, kuseri kwa mitengo ya bulugamu. Inali nthawi imene mzungu mwini pulazi anali atachoka, minda itagawidwa kwa anthu atsopano, ofesi ya pa pulazi itatsekedwa. Adzukulu anakumba, tinaimba, tinakwirira, tinabwerera kukasamba. Za kalata ya imfa palibe amene anaziganizira.

Zaka zinapita. Ndinakwatiwa ndi mwamuna amene makolo ake anathawa nkhondo ku Tete opanda ndi kapepala komwe, ndiye tinangokumana osauka mapepala okhaokha. Tinabereka mwana mmodzi wamkazi, nayenso pakomboni. Tinkakhala ndi maganyu m'minda ya eni atsopano, ndipo ganyu safunsa chitupa. Mwanayo anayamba sukulu yomwe inatsegulidwa m'nyumba yakale ya mzungu, ndipo anamulandira popanda kalata, akuti tidzabweretse pambuyo.

Mwana ameneyu mutu anali nawo. Sindikunena chifukwa choti ndi wanga. Ankawerengera anthu a pakomboni zolembedwa pamabotolo a mankhwala a mbewu, ndipo aphunzitsi akapita kumsonkhano ankamusiyira kalasi. Atafika giledi seveni, ahedi anandiitanitsa. Anandiuza mwaulemu kuti mayina a olemba mayeso akutumizidwa posachedwa, ndipo mwana wopanda kalata ya kubadwa sangalowe pamndandanda. Osalemba mayeso amenewo, kusekondale kulibe. Ndinkadziwa bwino komwe atsikana a pakomboni amathera akasiya sukulu pamsinkhu umenewo, chifukwa ndi komwe ndinathera ine.

Sindinade nkhawa kwambiri. Pawailesi anali atanena kangapo kuti malamulo atsopano a dziko akuti aliyense wobadwira kuno kwa makolo ochokera m'maiko oyandikana nawo ndi nzika. Ndinavala chitenje changa chabwino, n'kukwera kombi kupita kuofesi ya zitupa kutauni, mutu uli m'mwamba ngati nzika.

Kalaliki amene ndinamupeza anali mtsikana waulemu, ndipo Chinyanja ankachimva.

"Chitupa chenyu, amai?"

"Ndilibe. Ndabwerera kalata ya mwana."

"Mwana timamulembetsa ndi chitupa cha mayi wake. Kalata yanu ya kubadwa muli nayo?"

"Ndilibe."

"Ko chitupa chaamai venyu?"

"Tinawaika nacho m'manda."

Anaika cholembera pansi n'kundiyang'ana. Sanaseke, ndipo ndimamuthokoza mpaka lero. Anandifotokozera pang'onopang'ono kuti za pawailesi zija n'zoona, lamulo likundivomera, koma lamulo limafuna umboni woti ndinabadwira kuno ndiponso woti kholo langa linali ndani. Anafunsa kalata ya imfa ya amayi, panalibe. Anafunsa wachibale wa amayi wokhala ndi chitupa, panalibe. Anafunsa kalata ya sabhuku, ndiye kuti nyakwawa ya kumudzi, ndinamuuza kuti pa pulazi nyakwawa yathu anali kapitawo, nayenso anamwalira. Pomaliza anati ndingomupatsa nambala ya chitupacho kapena dzina lomwe linalembedwapo, ayese kufufuza. Apa m'pamene manyazi anandigwira. Amayi pakomboni ankaitanidwa ndi mfunda wawo, kapena ndi dzina langa. Dzina la pachitupa linali lomwe kalaliki wina wa pa pulazi anawalembera kalekale, ndipo ndinali ndisanalimvepo. Mayina onse amene ndinatchula sanapezeke.

Ndinabwerera ndili kakasi. Ndikanadziwa ndikanaphika therere, amatero akuluakulu. Kumasula kansalu kaja n'kuuza mwana wasukulu aliyense kuti akopere nambala, ikanakhala ntchito ya kamphindi.

Mchimwene wanga, amene amakumba golide m'maenje a ku Shamva, atamva anangoti, "Achemwali, chitsulo sichiwola. Ndibwere ndi anyamata awiri, pofika masana tatulutsa."

"Iwe, wapenga? Amayi ako asanduka mgodi?"

"Nanga mwanayu asiye sukulu chifukwa cha kachitsulo kali mamita awiri pansi?"

Ndinamulalatira mpaka anthu anatuluka m'nyumba zawo. Anthu okumba golide dothi lililonse amaliona ngati lokumba. Koma ndisaname, mawu akewo anandikhala m'mutu sabata yathunthu. Ndinafika mpaka pokafunsa mkulu wa adzukulu, bambo wokalamba amene anakumba manda a amayi. Anandiyankha akusema mpini, osadzutsa mutu. Anati iye wakwirira anthu ambiri pa pulazi ino koma sanafukulepo ndi mmodzi yemwe, ndipo sadzayambira pa amayi anga. Anawonjezera kuti ngakhale boma likaloleza kufukula munthu, limayamba lafunsa kalata ya imfa.

Kuchoka apo ndinapita kumanda ndekha. Sindinapite kukalira, ndinapita kukakalipa. Ndinaima pamutu pa manda n'kunena mokweza kuti, "Amayi, mwafika nacho kuti chitupacho? Wakufunsani ndani? Kuno mdzukulu wanu ndi amene akufunsidwa." Ndinawakwiyira zedi, ndipo ndinadzikwiyira koposa, chifukwa iwo anangopempha, woika ndinali ine. Kenaka ndinazula udzu pamandapo n'kubwerera kunyumba.

Pafupi nafe pankakhala mayi wina wa Chishona wa ku Guruve, amene anapatsidwa kamunda pa pulazi pomwepo. Poyamba tinkangolonjerana mozizira, chifukwa anthu atsopanowo ankatitcha mayina oipa. Koma tinkapemphera tchalitchi chimodzi, ndipo mwana wake atadwala ndinamuperekeza kuchipatala, ndiye kuyambira pamenepo tinkaitanana sahwira, kutanthauza bwenzi la pamtima. Mapepala ake anali okwanira, mudzi anali nawo, ndipo mwamuna anamuthawa kalekale, choncho panalibe woti amufunse zochita. Tsiku lina tikutchapa pampopi ndinamuuza zonse.

Anafinya malaya n'kuti, "Sahwira, mwana ndewedu tese, ndi wa tonse. Ndikamulembetsa ine. Ndikanena kuti ndi wanga, ndinaberekera panyumba, bambo wake anathawa. Mng'ono wanga akakhala mboni."

Zimenezi sizinali zachilendo. Pakomboni timadziwa ana angapo amene papepala ndi a anthu ena. Koma n'zosavuta kuzimva zikamachitikira mnzako. Ndinakana. Ndinati ndi bodza, ndi mlandu, tikagwidwa tonse tikalowa m'ndende. Zonsezo zinali zoona, koma chenicheni chimene ndinkakanira n'chakuti mwana ndinali naye mmodzi yekha, ndipo ndiye chinthu chokha padziko pano chomwe ndinkati n'changa popanda wotsutsa. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, timatero, koma mwambiwu umakoma ukakhala kuti wolandira mwanayo ndiwe.

Mwamuna wanga anati zili kwa ine. Amene anamaliza nkhani ndi mwana mwini wake. Anali atamva zonse, poti nyumba za pakomboni zilibe chinsinsi. Anabwera ndikusenda mbatata, nakhala pafupi, n'kuti, "Amayi, ine ndikufuna kulemba mayeso." Mawa lake ndinapita kwa sahwira kukavomera.

Tinali ndi masiku ochepa, ndipo ntchito yomuphunzitsa ndinaigwira ndekha. Mwana wamkulu chotere makalaliki amamufunsa yekha mafunso, ndiye ankayenera kudziwa dzina lonse la mayi wake watsopano, mudzi wa ku Guruve, dzina la sabhuku, ndi mfunda wa banjalo. Zimenezo analoweza tsiku limodzi. Chovuta chinali thupi. Ndinkakhala pampando ngati kalaliki, sahwira ataima pambali, n'kufunsa mwadzidzidzi m'Chishona kuti amayi ake ndi ati: "Mai vako ndevapi?" Pakamwa pankayankha bwino, koma maso ankathamangira kwa ine.

"Usandiyang'ane! Ukandiyang'ana kumeneko watigwiritsa tonse."

"Pepani amayi."

"Amayi ndani? Ine ndine ndani?"

"Ndinu a nyumba yoyandikana nafe."

"Chinyanjanso chisatuluke pakamwa pako. Bwereza."

Ndinamukalipira mpaka analira, ndipo atapukuta misozi ndinayambiranso. Ndinamuuza kuti kuyambira pokwera kombi mpaka titatuluka pageti la ofesi, ine sandidziwa. Agwire dzanja la sahwira, akhale pafupi ndi sahwira, akafuna madzi apemphe kwa sahwira.

Patsikulo ndinamuluka tsitsi, ndinasita yunifolomu yake, ndipo ndinapita nawo ngakhale kuti ntchito yanga kumeneko kunalibe. Sahwira anandiletsa, koma ndinaumirira. Ndinkapemphera kuti tisapeze mtsikana waulemu uja, amene akanandizindikira. Tinapeza bambo wina wa imvi, wotopa ndi mzere. Anatenga chitupa cha sahwira ndi cha mng'ono wake, nayang'ana mwana, kenaka nayang'ana ine, amene ndinali nditaima kumbuyo.

"Ko imi ndimi ani?"

"Ndine woyandikana nawo nyumba, ndangoperekeza."

"Operekeza panja, amai. Muno makolo ndi mboni basi."

Ndinatuluka n'kukaima pafupi ndi zenera, pomwe ena ankagulitsa nthochi. Mawu ankamveka. Bambo uja anafunsa mwana dzina la mayi wake, iye anayankha osadodoma. Anafunsa mudzi, anayankha. Anafunsa chifukwa chochedwera kulembetsa, sahwira anayankha zake. Chishona cha mwana wanga chinali choyera kuposa cha sahwira yemwe. Ndinanyadira, ndisabise, pakuti ndine ndinamuphunzitsa.

Kalata inatuluka tsiku lomwelo. Ndi imene analembera mayeso chaka chimenecho, nakhoza, ndipo ndi imene akuphunzirira mpaka pano. Pamapepala onse amene adzakhale nawo moyo wake wonse, pamzere wa mayi padzakhala dzina la sahwira. Ine boma silikundidziwabe, ndipo papepala ndine munthu wosabereka.

Tsiku lija, pamene ankatuluka muofesimo, ndinali nditasunthira pakhomo penipeni, kuti ndione nkhope ya mwana wanga. Anatuluka atagwira envelopu kudzanja limodzi, dzanja lina lili m'dzanja la sahwira. Mpaka pageti panali mtunda ndithu, ndipo mlonda anali ataima pomwepo akuyang'ana anthu. Mwana wanga anandidutsa pafupi kwambiri moti diresi lake linakhudza chitenje changa, maso ali kutsogolo, osanditembenukira ngakhale pang'ono. Sanalakwitse chilichonse.