Luzi la Dzanja Lamanzere

Mwana wanga wamkazi atayamba kudya yekha, ndinaona chimene ndinkachiopa: ankatola chilichonse ndi dzanja lamanzere. Ndinkadziwa kumene anatengera.

Inenso ndinabadwa wamanzere. Amayi aakulu, mkulu wawo wa amayi anga, ndi amene anandilera kwa Malemia, ndipo ankandimanga dzanjalo kumbuyo ndi luzi. Ankati lamanzere ndi la kuthengo, mkazi wogwira nalo mpeni chakudya chake alendo sadya. Kusukulu rula ya aphunzitsi inamaliza zotsala. Ndinakula ndikugwira zonse ndi lamanja, zonsezo n'kumandikanika. Mbiya ndinaswa zingapo, singano inkandibaya. Anthu ankati ndili ndi manja oipa, ine ndinavomera ndi mtima wonse.

Manyazi enieni ankabwera nthawi ya makaka. Amayi a m'mudzi tinkakhala pamodzi kusenda chinangwa choti tiyanike, china chokagulitsa ku Songani. Anzanga madengu tho, ine ndikadali pansi pa dengu, zala zili magazi okhaokha.

"Kodi inu mukusenda chinangwa kapena zala?" ankatero. Ndinkaseka nawo, nanga n'kutani.

Chaka chimene kwacha inalowa m'malo mwa mapaundi, chithupsa chinandituluka pachikhatho chamanja. Chinangwa ndinali nditakumba kale, ndipo chikagona chimada. Ndinapita nacho kuseri kwa nkhokwe, ndinayang'ana uku ndi uku ngati wakuba, n'kugwira mpeni ndi lamanzere. Abale inu! Makoko ankangogwa okha. Dengu lonse ndinalimaliza osadzicheka ngakhale pang'ono. Mwina mukuganiza kuti ndinasangalala. Ayi, ndinachita manyazi ngati andipeza ndikusamba kumtsinje. Chithupsa chitapola ndinabwerera ku lamanja, osauza munthu, ngakhale bambo a mwana.

Makaka a chaka chotsatira, mwana uja anakhala pakati pathu ndi kamtengo, akuyerekeza kusenda. Amayi aakulu anamuyang'ana kamodzi kokha.

"Iwe, katenge luzi patsindwi," anandiuza. "Kuwongola mtengo m'poyamba."

Ndinapita. Mayi wamkulumkulu ine, miyendo inangonyamuka yokha ngati ndikadali kamtsikana. Nditabwera nalo, mwanayo anayesa ndi masewera. Anandithamangira akuseka, n'kunditambasulira manja onse awiri kuti ndimumange. Pomugwira ndinaona zala zanga zamanzere pamwamba pa zake, zipsera zokhazokha. Dzanja limene linkadziwa ntchito ndi limene ndinakhala ndikulicheka zaka zonsezo.

Ndinaika luzi pansi. Ndinakhala pamphasa, n'kutola mpeni ndi lamanzere pamaso pa onse. Ndinayamba kusenda osadzutsa mutu. Macheza anatha, kunkangomveka mpeni wanga.

"Iwe, manyazi ulibe?" anafunsa amayi aakulu.

"Ndili nawo, amayi, ambiri zedi. Koma sanandisenderepo chinangwa ngakhale chimodzi."

Mayi wina wachikulire ananong'oneza mnzake m'Chilomwe, wina anaseka kenako n'kudzigwira pakamwa. Amayi aakulu ananyamula dengu lawo n'kupita kwawo. Makaka anga sanadyenso mpaka tsiku limene tinawaika m'manda, ndipo zimenezi zimandipwetekabe, chifukwa anandilera ndi iwo, ndipo pomanga muja ankati akundikonza.

Dengu langa litadzaza, mwana uja anatola luzi pansi n'kundibweretsera.

"Amayi, ndimangeni."

"Ayi, mwanangu."

"Ndimangeni!"

Ndinalilanda n'kuliponya patsindwi. Analira kwambiri, mpaka kudzigubuduza pafumbi. Ndinamusiya alire. Pamtundu pathu ponse, ndiye mwana woyamba kulira chifukwa chakuti sanamumange.