A Faines anasankha okha kopita

Mukafika pa Ntchisi boma n'kufunsa telala wosoka bwino mayunifolomu a sukulu, akulozerani a Faines Naphiri, pakhonde la golosale yoyang'anana ndi msika. Ndi mayi wamfupi, wa maso akuthwa, wosaseka ndi aliyense. Ine ndimagulitsa nyemba pambali pawo, ndipo nkhani yawo ndinaimva pang'onopang'ono makina akulira. Imandipsetsa mtima mpaka lero.

A Faines anabadwira kuseri kwa phiri la Ntchisi, ndipo kusoka anaphunzira kwa masisitere ali mtsikana. Anakwatiwa ndi a Langton, mphunzitsi pa sukulu ina ya mishoni cha kufupi ndi Mponela, ukwati wa m'tchalitchi, wa mphete. Anawatenga chitengwa. Zaka zinapita koma mphatso ya mwana sinabwere. Kuchipatala ku Mtengowanthenga anapitako, mizu yowawa anamwa mobisa, osaphula kanthu. A Langton sankadandaula pamaso pa anthu. Anali munthu wa tayi ngakhale Loweruka, wowerenga mawu paguwa, ndipo ankadziwa kuti mphunzitsi wa mishoni akathamangitsa mkazi amachoka m'masakramenti, mwinanso ntchito imene imathera pomwepo.

Chaka chotsatira chisankho cha matipate, sukulu zili pafupi kutsekera, aphunzitsiwo anabwera kunyumba ndi nkhani yachilendo.

"Naphiri, tchuthi chino tisangokhala pano ngati nkhuku yofungatira. Tikaoneko dziko. Masiku ano ndi a demokalase, kopita musankhe ndinu."

Chikwatiwire, a Faines anali asanafunsidwepo maganizo ngakhale pa zogulitsa mbuzi. Anasangalala ngati mwana. Anati ku Blantyre, kwa alamu awo, poti chibadwire anali asanadutse Lilongwe. A Langton anapukusa mutu: "Kumeneko anthu a kuno sakuwaona bwino chivotere. Mukufuna tikagendedwe?" Anati ndiye ku Salima, akadyeko nsomba yosaumika. "Udzudzu wake! Inu ndi malungo anu aja?" Ku Kasungu kukaona njovu? Galimoto yake ili kuti? Malo alionse anali ndi chilema chake. Koma bamboyo ankakana mokoma, akumwetulira, n'kumaliza ndi mawu omwewo: "Ganizanibe, mwini chisankho ndinu."

A Faines anakadandaula kwa Susana, mayi wamasiye wa nyumba yoyandikana nayo, mnzawo wa ponda apa nane mpondepo, amene ankaimba naye kwaya.

"Asisi, mukuvutikiranji?" anatero Susana. "Bwanji osangopita kwanu? Mayi anu munawaona liti?"

Anali atatha zaka osawaona. Madzulo ake anawauza amuna awo, ndipo ulendo uno panalibe udzudzu, panalibe vuto la galimoto. Anthu a mphakati, kagulu kawo ka kutchalitchi, atabwera kudzapemphera kunyumbako sabata imeneyo, a Langton anafunsa mokweza, ngati nthabwala:

"Mayi, auzenitu anzathuwa. Mwati mukufuna chiyani?"

"Ndikufuna kupita kwathu," anayankha a Faines monyadira.

"Ndakukakamizani ine?"

"Ayi, ndafuna ndekha."

Anthu anaseka, ena n'kuwomba m'manja kuti ili ndiye banja lamakono.

Za katundu a Langton anazinenera kuchipinda, ali awiriwiri. Anati akuba achuluka chibwerere matipate, ndipo nyumba ikakhala yokha adzapeza makoma okhaokha. Zawo iwo akatsekera ku ofesi ya ahedi. A Faines atenge zawo zonse: makina, zovala, mapoto, mbale. Atsogole, iwo abwera pambuyo akamaliza kuchonga mayeso.

Tsono mkazi aliyense wa kuno amadziwa kuti wopita kukacheza amanyamula chikwama ndi nkhuku ya mphatso basi. Wonyamula mapoto, mthiko ndi chipande ndiye kuti banja walisiya. A Faines ankadziwa zimenezi, si mwana ayi. Koma m'mutu mwawo munali akuba, nanga mwamuna wako wa mphete ungamuganizire zotani? Tsiku la ulendo a Langton analawirira kusukulu. Susana ndiye anawathandiza kumanga mitolo, ndipo anaikweza pa matola dzuwa lili paliwombo, amayi onse a pa mjigo akuyang'ana.

Atafika kumudzi, mayi awo anaona mapoto akutsitsidwa n'kugwira pakamwa.

"Mwana wanga, kwagwanji?"

"Ndi tchuthi, amayi. Aphunzitsi akubwera m'mbuyomu."

Anasesa kanyumba ka alendo, anazira pansi, anasunga tambala woti adzaphe mkamwini akafika. Galimoto iliyonse ikamveka kumsewu ankatuluka. Sukulu zinatsegulira, aphunzitsi osaoneka. Anaganiza kuti mwina adwala. Mvula yoyamba itagwa, msewu usanayambe kuterera, anatengana ndi mlongo wawo a Vinsenti, amene anali nkhoswe yawo, kupita ku Mponela.

Pakhomo anapeza Susana akusesa. Akuti ankangothandiza kuphikira bambo wosiyidwa, mwachifundo chachikhristu. Chifundocho chinali chitayamba kale kuoneka pansi pa chitenje.

Ankhoswe a mbali zonse anakhala pansi pa mtengo wa mango, pamodzi ndi akuluakulu a mphakati. A Langton analankhula misozi ili chuchuchu, tayi ili pakhosi. Anati mkazi wawo anawathawa iwo ali kuntchito, anasesa m'nyumba osasiya ndi chipande chomwe. A mphakati anavomera kuti anamumva ndi makutu awo mayiyo akunena kuti akufuna kwawo. Amayi a pa mjigo anati anamuona akukweza mapoto masanasana. A Faines anafotokoza za tchuthi, za akuba, za mayeso.

"Zimenezo anamva ndani?" anafunsa a Langton modekha.

A Faines anatembenukira kwa mnzawo uja. "Susana, iwe ukudziwa zonse. Nena."

Susana anayang'ana pansi. "Ine ndinangothandiza kumanga katundu poti anandipempha. Ndinawalangiza ndithu kuti asisi, banja ndi kupirira."

Apa ine ndikanaluma munthu khutu, ndikunena zoona. Ndiye a Vinsenti, amene anabwera kudzawamenyera nkhondo a Faines, anawafunsa pamaso pa onse:

"Mlongo, ndiuzeni chilungamo. Zobwera kumudzi anasankha ndani?"

"Ine."

"Mapoto anakutulutsirani ndani?"

"Ndekha, koma..."

A Vinsenti anatola chipewa chawo n'kuimirira. Mlandu unathera pomwepo. Pobwerera, potsika galimoto, a Vinsenti anati, "Mwandiyendetsa ulendo wamanyazi." Kufikira lero amakhulupirira kuti mlongo wawo anathawa banja chifukwa cha manyazi a kusabereka, ndipo theka la mudzi limakhulupirira zomwezo.

A Langton anadzachoka ku mishoni ndi mbiri yabwino ya munthu wosiyidwa, n'kukalowa sukulu ya boma kutali, Susana ali pambuyo. A Faines sanathe kukhala kumudzi anthu akuwaloza zala, ndiye anasenza makina awo kubwera pano pa boma. Mphete amavalabe, poti kutchalitchi ukwatiwo sunathe, ndipo sangakwatiwenso ngakhale atafuna.

Tsiku lina kunalibe makasitomala, ndinawafunsa chimene chimawawawa kwambiri pa zonsezi. Ndinkayesa atchula Susana. Anaimitsa makina n'kudula ulusi ndi mano.

"Anzanga," anatero, "tsiku limene ndinkamanga mapoto aja, ndinkaimba."