Abale mbwee, nkhoswe kusowa

Bambo anga anali Mmang'anja wa ku Chikwawa, mayi anga Msena wa kumunsi kwa Port Herald, kumene lero mukuti ku Nsanje. Bambo anatsikira kumeneko ndi ntchito yodula nkhuni za sitima zapamadzi, nawapeza mayi akuphika mchere, basi mtima sunabwererenso kwawo. Kwa Amang'anja mwamuna amakakhala kwa mkazi, koma Asena anawauza kuti kuno mkazi timalowola. Bambo sanalimbelimbe. Analowola, namanga nyumba pafupi ndi dooko la sitimazo, pakati pa anthu obwera okhaokha.

Ndisaname, ndinakula bwino ine. Ndikapita kumtunda kwa abale a bambo ndinkalankhula Chimang'anja n'kumakazinga mapira. Ndikatsikira kwa malume, mlongo wa mayi, ndinkatembenuza lilime n'kumadya nyika, mizu yokumba m'madzi a m'dambo, ndi milamba yowamba. Konseko ankandilandira ndi manja awiri, ndipo anzanga ndinkawanyadira kuti ine kwathu n'kuwiri.

Bambo anapita ku mtengatenga pa nkhondo ya Ajeremani, osabwerako. Titapuma kulira, mnyamata wina wolima thonje anabwera kudzandifunsira, ndipo ndinamufuna ndithu. Mayi anamuuza kuti akaonane ndi mwini mwana, woti adzaime ngati nkhoswe yanga. Mnyamatayo anapalasa bwato mpaka kwa malume. Malume anamuphera nkhuku, kenako anati, "Ife tinalandira malowolo. Mwanayo ndi wa kwa bambo wake. Ndikamukwatitsa ine, adzati ndaba."

Mnyamata uja anakwera mtsinje kupita kwa bambo aakulu, mkulu wawo wa bambo anga. Nawonso anamuphera nkhuku. "Mbumba yanga ndi ana a alongo anga," anatero. "Mwana wa mng'ono wanga mwini wake ndi malume ake. Pitani kumeneko."

Panalibe wondida. Aliyense ankangoopa kulowerera mwana wa eni. Koma ulemu wawowo unatsala pang'ono kundidyetsa umbeta. Mayi ake a mnyamata anayamba kunena pachitsime kuti mtsikana wopanda nkhoswe sakwatiwa, mukayambana mudzadandaula kwa yani, ndiponso kuti kwawo kuli ana aakazi ambiri odziwika mwini wake. Nditamva ndinapsa mtima. Ndinasinja mapira tsiku limenelo ndikukalipa ndekha, mpaka mtondo unachita kusuntha.

Pakhomo loyandikana ndi lathu pankakhala mkulu wina amene ankapalasa bwato la nkhuni limodzi ndi bambo. Anachokera ku Zambezi ali mwana, chaka cha njala, ndipo m'bale wake ngakhale mmodzi sankamudziwa. Ife tinkangowatcha anzawo a bambo. Chigumula chikabwera ndiwo ankatiwolotsa, denga likadontha ndiwo ankakwera. Atatopa kumva kukalipa kwanga anaika pansi ukonde umene ankasoka, nabwera kwa mayi.

"Ngati eni ake akupatsirana, nkhoswe ndikhala ine," anatero.

Nkhani inayenda ndi mabwato, ndipo tsiku la chinkhoswe lisanafike onse awiri anatulukira. Malume anafika atakwinya nkhope, akuti munthu wapadera angakwatitse bwanji mwana wa mlongo wawo iwo ali moyo. Bambo aakulu nawo anafika ndi mawu omwewo m'Chimang'anja. Ndinafuna kuwafunsa kuti nanga dzana munali kuti, koma mayi ananditsina.

Tinakhala pansi pa mtengo wa masawu. Nkhoswe ya kuchimuna inaona amuna atatu atandandalika mbali yathu, ndipo inafunsa mofatsa. "Tathokoza, mwachuluka. Koma mwanayu akadwala mwadzidzidzi, kapena awiriwa akayambana, tizikagogoda pakhomo la yani?"

Malume anayang'ana bambo aakulu, bambo aakulu anayang'ana malume. Wina kwawo kunali kutali kumunsi, wina kutali kumtunda, ndipo aliyense ankadikirabe kuti mnzake ayambe. Anzawo a bambo analoza khomo lawo ndi chibwano.

"Ilo, la chitseko cha bango. Sinditseka."

Palibe anatsutsa. Malume anathokoza m'Chisena kuti takhuta, bambo aakulu anawomba m'manja, ukwati unatheka. Ndakhalamo mpaka imvi izi, ndipo chitseko cha bangocho tinachigogodadi kangapo, poti pakamwa panga sipanasinthe.

Atatha kulankhulana, mayi anandituma kuti ndikapereke madzi osamba m'manja kwa akuluakulu. Ndinayambira kwa mkulu uja. Nditagwada ndinaona kuti kuwatchanso anzawo a bambo sikungatheke, koma dzina lina ndinalibe. Ndinangoti, "Malume, madzi."

Malume enieni anatembenuka, naona kuti sindikuyang'ana iwo. Mkulu uja anaviika manja m'mbale, nawasiya momwemo nthawi yaitali, mutu uli pansi.

"Ndamva, mwananga," anatero.