Loko wa Kudenga

Azakhali anga anachapa zovala za anthu kwa zaka khumi ndi zinayi, ndipo ofesi yawo inali padenga. Tinkakhala m'nyumba ya nsanjika zinayi, mabanja makumi awiri, ine ndi shopu yanga yautelala pansi penipeni. Denga lake linali la konkire, lathyathyathya. Pamenepo panali zingwe zawo zoyanikira, thanki ya madzi amene tonse tinkamwa, ndi mlongoti wa mafoni umene mwininyumba analola kuti uzikidwe pakona. Azakhali anaupeza ulipo kale, ndipo ankaukonda chifukwa mwendo wake umodzi unkagwira bwino chingwe cha mabulangete.

Ntchitoyi anaiyamba amuna awo atamwalira. Ankadziwa bambo amene amaiwala chingamu m'thumba ndi mayi amene amabisa madiresi atsopano kwa amuna ake, koma za eni ake sizinkatuluka pakamwa pawo. Mwana wawo wamkazi anamaliza sukulu mpaka kukwatiwa, zonsezo ndi ndalama za thovu la sopo.

Panalinso kantchito kena kamene palibe anawatuma. Chivindikiro cha thanki chinathyoka mahinjesi kalekale, ndiye mphepo ikawomba chinkasuntha. M'mawa uliwonse azakhali ankachibweza, n'kuchitsindira ndi njerwa ziwiri, n'kupirikitsa nkhunda zobwera kudzamwa. Sankauza munthu, chifukwa kwa iwo sinali nkhani.

Mavuto anabwera ndi mayi wa m'nsanjika yachitatu, mlembi wopuma pantchito, amene tinkawatcha a Chikalata poti sankayenda opanda pepala loti anthu asainepo. Anaonera kakanema pafoni konena kuti milongoti imatulutsa cheza chowotcha ubongo. Sabata isanathe, mutu ukapweteka unali mlongoti, dazi mlongoti, mphaka wa aneba kukana kudya, mlongoti womwewo. Bambo wokonza mawailesi ankawatsutsa pamasitepe mpaka mawu kusasa. Za chezazo ine sindinganenepo kanthu, ndine telala, osati dokotala. Chimene chimandinyansa mpaka lero n'chakuti pa phokoso lonselo, amene anapsa ndi munthu amene sanatsegule n'komwe pakamwa.

Komiti ya a Chikalata inagula loko n'kukhoma chitseko cha kudenga, kiyi n'kulowa m'chikwama chawo. Azakhali anapita kukagogoda kwa a Chikalata, n'kuwapeza ali ndi amayi anzawo atatu.

"Pepani mayi, nanga ine ndiziyanika kuti?"

"Tikukupulumutsanitu, mayi anga. Zaka zonsezi mwakhala mukuphikidwa osadziwa."

"Nanga chivindikiro cha thanki? Chija chimafuna munthu tsiku ndi tsiku."

A Chikalata anatembenukira anzawo. "Mwamva? Ife tikunena za moyo, iwo akunena za chivindikiro. Mutuwu unayamba kale kupsa."

Amayiwo anaseka chikhakhali. Ine ndinali pakhomo, ndipo ndinazimva zonse.

Azakhali anayesa kuyanika m'khonde, anayesa kuseri kwa makina anga, koma dzuwa silinkafika. Malaya ankabwerera kwa eni ake akununkha chinyontho. Makasitomala anayamba kuthothoka mmodzimmodzi, ena osatsanzika n'komwe, ena akunamizira kuti ayamba kuchapa okha.

Mwezi wachiwiri madzi anayamba kumveka kafungo, ana n'kuyamba kutsegula m'mimba. A Chikalata nkhope inawala ngati atola ndalama panjira. Ankayenda khomo ndi khomo kulemba ana odwala, ati umboni wapezeka. Azakhali nawo ankayenda m'makomo momwemo kuchonderera kuti anthu aziwiritsa madzi, koma mawu awo ankalowera khutu ili n'kutulukira linalo. Munthu wopsa mutu ndani angamumvere?

"Kutsutsa galu n'kukumba, mwanawe," anandiuza tsiku lina. "Koma ndikumba bwanji khasu ali nalo ndi iwo?"

Kiyi anatuluka m'chikwama tsiku limene mpopi wa a Chikalata eni ake unalavula nthenga m'kapu. Anaitana pulambala, ndipo tonse tinakwera pambuyo pake, ena atafunda mipango kumutu kuopa cheza.

Chivindikiro chinali gada pansi. Pulambala anasuzumira m'thanki, n'kulavula, n'kupempha ndowa. Anavuula nkhunda zisanu zotupa, nthenga zikusosoka zokha, imodzi n'kuphulikira m'manja mwake. Awo ndiwo madzi amene tinkaphikira tiyi ndi kusambitsira makanda. Ndinathamangira pakona kukasanza. Ndikupukuta pakamwa ndinayang'ana azakhali, mumtima ndikuti basi, lero apepesedwa, mawa zovala zili pachingwe.

A Chikalata anatseka mphuno ndi mpango, n'kutulutsa foni, n'kuyamba kujambula nkhunda imodziimodzi.

"Anthuni, mwadzionera nokha," anatero. "Ngakhale mbalame zikungogwa zokha. Nanga ana athuwa atha bwanji?"

Ndipo anthu akuluakulu, a ndevu zawo, ena a masatifiketi, anagwedeza mitu kuvomereza. Wokonza mawailesi anangoti "Aaa!" n'kutsika. Pulambala anatsuka thanki n'kumanga chivindikiro ndi waya. Azakhali anapempha chinthu chimodzi chokha, kuti amasule zingwe zawo. Mfundo zinali zitalimba ndi mvula, ndiye ankalimbana nazo ndi mano.

"Fulumirani mayi, mukupsatu," anatero a Chikalata ali pachitseko, loko ali m'manja.

Pakutha pa mwezi azakhali anagulitsa mabeseni n'kusamukira kwa mwana wawo, kumene mkamwini ali ndi makina ochapira ndipo salola kuti apongozi agwire ngakhale sokosi. Ndikapita kukawaona ndimawapeza atakhala pakhonde. Manja awo tsopano ndi osalala ngati a mwana, ndipo akaona mlendo amawabisa m'nsalu.