Mtsinje Uli Kudzanja Lamanja

Alendo ankawatcha Amayi a Makiyi, chifukwa ndiwo ankawadikira ndi makiyi pakhomo la nyumba ya lendi imene anthu obwera kutchuthi ankagonamo masiku atatu kapena sabata. Zaka khumi ndi zinayi akuyala mabedi a eni, kukwecha bafa, kuzula tsitsi la anthu osawadziwa m'sinki. Mlendo akafunsa kokadya, yankho linali pakamwa: "Pitani kulesitilanti ya padenga la nyumba yaitali ija. Mukangotuluka m'chikepe chokwezera anthu, mtsinje uli kudzanja lamanja, milatho itatu yonse ikuoneka. Magitala amayamba dzuwa likapendeka."

Mukanawamva mukanati amadyako tsiku ndi tsiku. Kutereku phazi lawo linali lisanapondeko. Zonsezo ankangotola pakamwa pa alendo, monga mmene ankatolera mabotolo pansi pa bedi.

Akaweruka ankakazikhuthulira amuna awo, telala amene maso ake anali atayamba kuchita nkhungu. Bambowo ankamvetsera uku akusakasaka bowo la singano.

"Amayi, mudzanditengereko maso asanatheretu, ndikaone milatho yanuyo. Kapena mukuchita nane manyazi?"

"Tidzapita, bambo. Alendo akachepa."

Nanga alendo amachepa liti? Awa akutuluka ndi zikwama m'mawa, masana ena agogoda kale. Mawa, mawa, mpaka ulusi unakanika kulowa, makina osokera anafunditsidwa nsalu pakona. Zinawapweteka kwambiri mayiwo, ndipo sankaloza wina chala koma iwo eni.

Loweruka lina alendo analephera kubwera. Mayi anasita jekete la amuna awo, nawagwira dzanja mpaka m'basi. Atafika panyumba yaitali ija anapeza chikepe chakumaso chitafa, mlonda n'kuwalozera chakuseri, chokwezera katundu wa kukhitchini.

Atatulukira padenga, mayi anangoti kakasi. Mzinda wonse unali yalaa pansi pawo, misewu imene ankaitchula pamtima, ngakhale khonde limene ankayanikapo matawulo a alendo. Mawu onse aja anawathera.

"Mwangoti zii bwanji?" anafunsa atelala. "Chabwino, lero ndikuonetseni ndine." Anatembenukira kumanja monyadira, nakweza chala. "Mtsinje ndi uwo. Milatho itatu, wapakatiwo wofiira. Ndanama?"

Chalacho chinaloza khoma la khitchini, pamene panali mabini ndi thanki ya madzi. Paja anakwera chikepe chakuseri. Mtsinje unali mbali inayo, ukunyezimira, wokongola kuposa zonse zimene alendo ankasimba.

Mtsikana woperekera zakudya anatsegula pakamwa kuti awawongolere atelala, koma mayi atamuyang'ana anameza mawu ake.

"Simunaname, bambo. Ndi pomwepo."

"Mwaona? Zija mumandiuza sindimataya. Tikhale pompano tiuyang'ane bwino, tachokera kutali."

Mtsikana uja anabweretsa mipando iwiri ndi tiyi. Oimba anayamba kuchuna magitala kumbali ya mtsinje, kumene anthu ankajambulana. Mayi anakhala pambali pa amuna awo, nafulatira madzi amene anawalonjeza zaka zonsezi, misozi ili mbwembwembwe.

"Pamlatho wofiirawo pakudutsa chiyani?" anafunsa atelala.

Mayi anayang'ana khoma lija, napukuta m'maso.

"Basi, bambo. Ngati imene takwera ija."